Mano a Kalulu ndi Dzanja la Bambo

Kalulu uja ndinabwera naye kumudzi m'katoni ya sopo, nditamupakata m'minibasi kuchokera m'tauni mpaka pa Mitundu. Anali woyera, khutu limodzi lofiirira, ndipo anali atandichititsa kale manyazi kwa eni nyumba imene ndinkachita lendi: anawadulira waya wa wailesi, chitseko cha kubafa n'kuchiteketa kunsi konse. Tsiku limene ndinamva pa foni kuti bambo agwa m'munda wa fodya ndipo mbali imodzi ya thupi yafa, ndinalongedza zovala, ndinamuyang'ana kaluluyo, ndipo ndinadziwa kuti palibe amene angavomere kundisungira kachilombo kotere. Ndinamukonda, ndisaname. Ndinkakhala ndekha, ndipo iye ndiye ankandichingamira pakhomo ndikaweruka.

Kumudzi anandiseka mpaka misozi. Kalulu wogona m'nyumba, wosadyedwa! Anthu obwera kudzazonda bambo ankayamba aona wodwala, kenako n'kupempha kuti aone ndiwo zoleredwa ngati mwana. Amayi sanaseke. Anamuyang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Iwe, nyumba ino ili ndi mavuto ake kale."

Mavutowo anali aakulu kuposa matenda. Bambo anali mkamwini. Kwawo kunali kuseri kwa Nathenje, ndipo kwathu kuno anabwera ali mnyamata kudzakwatira amayi, pamalo a amayi ndi a makolo awo. Nyumba anamanga ndi iwo, chigafa choyanikamo fodya anaimika ndi iwo, mitengo ya mabulosi ndi magwafa kuseri kwa khitchini anabzala ndi iwo, koma nthakayo sinali yawo. Ndiye atangotuluka m'chipatala, mlongo wawo wamkulu, azakhali anga, anafika kuchokera ku Nathenje. Anakhala pa mphasa, anawayang'ana bambo nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa amayi.

"Alamu, munthuyu mwamudyera mphamvu zonse," anatero. "Panopa msewu wa kwathu ndi matope okhaokha. Koma mvula ikatha, ndikadzapeza sakusintha, ndidzamutenga akadwalire kwawo. Sitingamve kuti wafera kuchikamwini ngati alibe abale."

Amayi anangoti, "Tamva, alamu." Sakanatha kukana. Abale a mwamuna akafuna munthu wawo wodwala, mkazi alibe mawu. Kuyambira tsiku limenelo m'nyumba mwathu munali chinthu chimodzi chokha chimene tonse tinkaganiza osachitchula: mvula ikatha, bambo atengedwa, ndipo amayi atsala okha pakhomo limene anakalambira limodzi.

Amayi anaganiza kuti njira yowasungira amuna awo ndi kuwasamala mpaka pasapezeke chonena. Ankawasambitsa, kuwaveka, kuwakhazika pakhonde pa mphasa yatsopano ya bango, pilo kumsana. Bambo akatambasula dzanja lamanzere, lomwe linali lamoyo, kuti atenge kapu, kapu inkafika pakamwa pawo asanaikhudze. Akafuna kuthamangitsa nkhuku, wina anali atathamangitsa kale. Akagwira ndodo kuti ayese kuimirira, mudzi wonse unkafuula, "Khalani pansi, bambo, khalani pansi!" Amayi ankaopa kuti wina wodutsa pa njinga akaona wodwala atagwira chinthu, mbiri ikafika ku Nathenje dzuwa lisanalowe yakuti akumugwiritsabe ntchito. Choncho munthu amene moyo wake wonse ankadzuka mbalame zisanayambe kulira anakhala pakhonde, woyera, wodzola mafuta, akuyang'ana alamu ake ndi aganyu akudutsa ndi mitolo ya fodya wake.

Masana a nyengo imeneyo ndimawakumbukira ngati maloto aatali. Mvula inkabwera chakumadzulo, choncho masana onse kumwamba kunkangounjikana mitambo yoyera kumbali ya Dedza, ikukwerana pang'onopang'ono. Anthu onse ankakhala kumunda. Pakhomo tinkatsala atatu: bambo pa mphasa, ine pa chitseko ndikusankha nyemba, ndi kalulu. Fungo la fodya wauwisi linkabwera ndi mphepo kuchokera ku chigafa, lowawa pang'ono, lomata pakhosi. Nthawi zina ndinkasinza, ndikadzidzimuka n'kupeza mthunzi wa nyumba wasuntha koma bambo ali momwe anali, maso ali pamalo omwewo. Mawu awo anali atalemera chifukwa cha matendawo, ndipo poona kuti anthu akuwamalizira ziganizo, anayamba kungokhala chete. Chakudya ankangochilawa. Ndinkaopa kwambiri, chifukwa ndinkaona munthu akuchoka ali pompo.

Kalulu yekha ndiye sankadziwa kuti pakhomo pali chisoni. Anayamba ndi chaja ya foni yanga. Kenako patapata wa amayi, kenako mwendo wa mpando wa alendo, umene anausema mpaka unaonda ngati mwendo wa nkhuku. Anadula waya wa sola, nyumba n'kukhala mumdima mpaka tsiku la msika. Atafika pa chitenje cha amayi chopita nacho kutchalitchi, chimene anachiboola mabowo ooneka bwino ngati anachita kuyeza, amayi anafika potopa. Anauza malume kuti akhome kakhola ka matabwa, ndipo kalulu anatsekeredwa kuseri kwa khonde, ndi mbale ya gaga ndi madzi.

Ine ndinakwiya, koma ndinalibe pogwira. Mlandu unali woonekeratu, mboni zake zili mbwee m'nyumba monse.

M'kholamo zinthu zinangoipiraipira. Kalulu ankagwira thabwa ndi mano n'kumalikoka, kulisiya, kuligwiranso. Ankazungulira, kukanda pansi pamene panalibe dothi loti akumbe, kenako n'kubwerera ku thabwa lomwe lija. Phokoso lake linali laling'ono, kerekete kerekete, koma masana opanda anthu linkamveka pabwalo lonse. Gaga sankamudya n'komwe. Ubweya unayamba kuthothoka m'khosi, ndipo ndikamuyandikira ankandithawira kukona, iye amene ankandikwera pamiyendo.

Tsiku lina amayi pokunkhumula mphasa ya bambo anapeza kuti yamasuka mbali imodzi. Chingwe chosokera bango chinali chitasololedwa, mabango ali balala. Anaisoka. Mawa lake inamasukanso, malo omwewo.

"Kalulu wakoyu ndi mfiti," anatero amayi. "Amatuluka bwanji m'khola? Azakhali ako adzapeze munthu wawo akukhala pa mphasa yong'ambika? Lamulungu lino timudya, ndatopa naye."

Ndinakayang'ana khola, loko ndi matabwa onse, ndipo panalibe potulukira. Ndiye masana otsatira sindinasinze. Ndinakhala pa chitseko, lichero pamiyendo, maso nditatsinzina mwabodza. Kuseri kalulu anayamba ntchito yake pa thabwa. Patapita kanthawi ndinaona dzanja lamanzere la bambo likutsetsereka kuchoka pabondo, likufufuza m'mphepete mwa mphasa. Zala zinapeza mfundo. Zinaitokosa, kuimasula, kusolola chingwe, kuchipota pa ntchafu, kuchimasulanso. Nkhope yawo inali kutali, ku chigafa, ndipo sindikhulupirira kuti ankadziwa zimene dzanjalo linkachita. Linkangogwira ntchito lokha, chifukwa linali lisanaphunzire kukhala.

Ndinalira mwakachetechete, nyemba zikundigwera m'lichero. Kenako ndinapukuta maso n'kunena mokweza, ngati ndikungodandaula ndekha, "Kalulu ameneyu ndithu sindikudziwa chomwe akufuna. Chakudya ali nacho, madzi ali nawo, pogona pabwino."

Sindinkayembekezera yankho. Koma bambo anatembenuza mutu pang'onopang'ono, anameza malovu, ndipo mawu anatuluka amodzi amodzi.

"Wasowa chochita," anatero. "Mano aja amakula. Akapanda kutafuna, amamupweteka."

Ndinadikira. Sindinawamalizire.

"Gaga n'ngofewa. Kathyole nthambi za bulosi. Ndi gwafa. Zouma pang'ono."

Ndinathamanga ngati mwana wotumidwa ku golosale. Ndinabwera ndi mtolo wonse, ndipo bambo anapukusa mutu: zina zinali zazikulu, zina zanthete kwambiri. Anandiuza ndiwapatse. Anapana nthambi ndi phazi, n'kumaithyola ndi dzanja limodzi, akusankha zoyenera. Ndinatsegula khola, kalulu ndinamuika pa mphasa. Ananunkhiza nthambi, anaigwira, n'kuyamba kuisenda khungwa mwaulemu wake wonse, ngati munthu wodya mzimbe paukwati. Bambo anamuyang'ana mpaka nthambi inayera. Mbali yamoyo ya pakamwa pawo inakwera pang'ono.

Amayi atabwera kumunda ndinawakokera kukhitchini n'kuwauza za mphasa. Anakhala pa mtondo. Kenako anati, "Nanga anthu akaona?" Apa mtima wanga unandithawa, paja ndine wa phuma. Ndinati, "Amayi, anthu aone chiyani? Aone kuti amuna anu akufa ali oyera? Azakhali anati akadzapeza sakusintha adzawatenga. Ndiye asintha bwanji munthu amene saloledwa kugwira ngakhale kapu?" Sindinayambe ndayankhulapo choncho kwa amayi. Anandiyang'ana ndi diso loti ukanakhala wamng'ono ndikanakuthira khofi. Lamulungu linafika, ndipo tinadya nyemba.

Tinagwirizana mosanena kuti kusamala kalulu si ntchito. Ndani angapite ku Nathenje kukanena kuti wodwala akumuseweretsa ndi kalulu? Choncho bambo anakhala kapitawo wa kalulu, ine wantchito wawo. Analamula kuti gaga achepe, udzu wouma uchuluke, uzikhalapo nthawi zonse, pamodzi ndi chisoso ndi kholowa. Anandiuza ndikumbe pakona ya bwalo n'kuthirapo mchenga, malo oti azikumba mpaka atope. Dengu lakale lobooka pansi analisandutsa mphanga. Zitsononkho ankazimanga pa chingwe n'kuzilendeweza kuti kalulu azichita kuimirira pozifuna. Masamba okoma sankawaika m'mbale. Ankawabisa m'katoni, m'udzu, pansi pa dengu, akuti chakudya chopezeka mosavutikira chimagwetsa ulesi. Tinatchinga bwalo laling'ono ndi mapesi kuti agalu asalowe, ndipo mawaya onse m'nyumba tinawakweza pamwamba pa khoma, chifukwa bambo anati kalulu sangaleke kukhala kalulu, anthufe ndiye tichenjere.

Kutafuna sanasiye, ndipo sitinkafunanso kuti asiye. Ankangotafuna zake. Mpando unapuma, patapata anapuma. M'mawa ndi chakumadzulo ankathamanga mozungulira bwalo lake, n'kudumpha m'mwamba akudzipotokola popanda chifukwa, kenako n'kudzigwetsa cham'mbali pafupi ndi mwendo wakufa wa bambo n'kugona. Bambo ankati amamva kutentha kwake pamwendopo. Kaya zinali zoona, kaya ankangofuna zikhale zoona, sindinawafunse.

Nthambi za pafupi zitatha, bambo anati ine sindidziwa kusankha, apita okha. Anagwira ndodo. Amayi anatsegula pakamwa, ndinawaona, mawu aja a masiku onse ali pamlomo, koma anawameza n'kulowa m'nyumba. Ulendo wochoka pakhonde kukafika pa bulosi unawatengera m'mawa wonse. Anagwa kamodzi m'maungu, ndipo anandikalipira nditathamangira kukawadzutsa. Kukalipa kumeneko ndinakulandira ngati nyimbo. Tsiku limenelo anadya chakudya chonse n'kufunsa ngati kwatsala ndiwo.

Mvula inayamba kupatukana. Mitambo ya ku Dedza inachepa, m'mawa kunayamba kuzizira, udzu wa m'mbali mwa msewu unafiira. Fodya m'chigafa anauma, ndipo inafika nyengo yosankha, pamene masamba amatsitsidwa m'mawa ali ofewa ndi mame n'kuikidwa m'magulu malinga ndi mtundu ndi kutalika kwake. Mitengo ya mabulosi ija ili pafupi ndi chigafa. M'mawa wina bambo popita kukathyola nthambi anaima pakhomo la chigafa, anasuzumira, n'kuona mmene malume ndi aganyu ankasankhira.

"Mukusakaniza," anatero. "Lofiira ili likutani apa?"

Palibe amene anawauza kuti akhale pansi. Anakhala okha, pa thumba, n'kukoka mulu wa masamba.

M'chigafa m'mawa mumakhala kuwala kwa mtundu wina. Dzuwa limalowa m'mipata ya udzu wa denga n'kugwera pa masamba olendewera, ndipo chilichonse chimaoneka chofiirira, manja, nkhope, ngakhale fumbi loyandama. Anthu amayankhula motsitsa, masamba akungoti tswatswa. Bambo ankatenga tsamba, kuliyala pabondo, kulisisita ndi chala chachikulu, kuliyang'ana kudzuwa, n'kuliponya pa mulu wake. Kumanga timitolo ndiye sankatha, poti pamafunika manja awiri, choncho ndinkakhala pambali pawo n'kumamanga. Kalulu sankamulola kulowamo, akuti fodya n'poizoni kwa iye. Ankatsala m'bwalo lake ndi katoni yodzaza udzu, akufufuza zimene bambo anamubisira asananyamuke.

Uthenga unabwera pa foni: msewu wauma, azakhali afika Loweruka ndi galimoto. Amayi anati tibwezere bambo pakhonde, tiwasambitse, tiwaveke jekete, alendo awapeze mwaulemu. Bambo anamva zonsezi. Amayi anatulutsa chikwama chachikulu cha maulendo, anadzitsekera kuchipinda n'kulongedza okha, ndipo anakana kuti ndiwathandize. Loweruka m'mawa titadzuka tinapeza jekete ili pampando, ndodo palibe.

Galimoto inaima pabwalo dzuwa litakwera pang'ono. Azakhali anatsika, anayang'ana pakhonde popanda munthu, ndipo nkhope inasintha.

"Alamu, achimwene ali kuti?"

Amayi analoza ku chigafa. Azakhali anapita mofulumira, ife pambuyo. Anaima pakhomo la chigafa n'kuona mlongo wawo atakhala pa thumba, malaya akale, fumbi la fodya mpaka m'nsidze.

"Mayo ine! Alamu, zimene ndinkanena zija ndi izi! Munthu wa dzanja limodzi mwamuika pa fodya? Mulibe chisoni inu? Achimwene, dzukani, tiyeni kwathu."

Amayi anaweramitsa mutu. Ine magazi anali atandikwera kale, mawu ali pakhosi, koma bambo anakweza dzanja ndipo ndinawameza. Anatenga nthawi. Tonse tinadikira, ngakhale azakhali.

"Achemwali," anatero, "palibe wandituma. Ndinathawa pakhonde ndekha." Anapuma. "Kwanu kuja mukandikhazika pa mphasa. Mukandikonda kwambiri. Ndikafa msanga."

Azakhali anafuna kuyankha, koma bambo anali atanyamula kale masamba osankhidwa n'kuwatambasulira kwa iwo.

"Gwirani apa. Mwana uyu amamanga molekerera. Inu munkamanga bwino kwa bambo athu."

Azakhali anayang'ana masambawo nthawi yaitali. Kenako anakonza chitenje, anakhala pansi pafumbi ndi zovala zawo za ulendo, n'kulandira. Zala zawo zinakumbukira zokha: kulinganiza mitu, kukulunga ndi tsamba, kulowetsa nsonga pakati. Anamanga kamtolo kamodzi, bambo anawapatsa ena. Misozi inkatsika koma manja sanaime. Anayamba kukumbutsana za chigafa cha bambo awo chimene chinagwa ndi mphepo, za ng'ombe ina yaliuma, za anthu amene ine sindinawaonepo, ndipo azakhali sankawamalizira mawu. Woyendetsa galimoto analiza hutala, analizanso, kenako anatopa n'kukagona pansi pa mtengo.

Dzuwa litapendeka, fodya atayamba kuuma moti n'kumathetheka m'manja, azakhali anadzuka n'kudzikunkhumula. Anapita kwa amayi, amene nthawi yonseyi anali ataima panja.

"Alamu, ndikupita. Koma muzimupumitsako masana, mwamva?"

"Tamva, alamu," anatero amayi.

Galimoto inabwerera ku Nathenje ndi thumba la mbatata ndi nkhuku imodzi. Bambo anapita kukaona ngati kalulu wapeza zimene anamubisira, akudandaula kuti wina waika udzu wonyowa.

Ine ndinalowa kuchipinda kukamasula chikwama kuti ndibwezere zovala m'malo mwake. Pamwamba panali malaya a bambo, mathalauza awo, bulangete, mankhwala. Nditachotsa zimenezo ndinapeza zitenje za amayi zitapindidwa bwinobwino, nduwira zawo, nsapato zawo zopita nazo kutchalitchi, ndi mthiko wawo wakale wokulungidwa m'pepala. Amayi anabadwira pamalo amenewa, amayi awo ndi agogo awo anaikidwa kumanda a kuseri kwa dambo, ndipo sanagonepo kunja kwa mudziwu kupatula kuchipatala ndi kumaliro.

Ndinamva mapazi pakhomo. Anali iwo, ataima, akuyang'ana zitenje zili m'manja mwanga.

"Amayi, inunso munkapita?"

Anandilanda mthiko uja m'manja.

"Nanga akanadya chophika ndani?" anatero. "Usawauze."